Ndelemya wa Pansi pa Paini

Ndikakumbukira agogo a Mbewe, chimene chimayamba kundifika si nkhope yawo ayi, koma fungo la m'kalavani yawo: palafini wa m'sitovu, bulangete logonera chinyontho, girisi wa m'magudumu, ndi masamba a paini amene ankalowa m'ming'alu ya pansi n'kumaumira momwemo chaka chonse. Kalavaniyo inkakhala pakona pa bwalo la nyumba zathu ku South B, mu Nairobi, pakati pa thanki ya madzi ndi zingwe zoyanikapo zovala, ndipo Loweruka lililonse m'mawa, anthu akadali m'tulo, tinkamva ngwe ngwe ngwe, nkhalambayo ili chagada pansi pake ndi sipanala, miyendo yokha ili panja, ikumanga zinthu zimene sizinamasuke n'komwe.

Sanali agogo anga enieni. Iwo anali a ku Dedza, ife kwathu n'ku Zomba, koma ku Nairobi Mmalawi aliyense wa imvi ndi agogo ako, ufune usafune. Anabwera ku Kenya ali mnyamata, ngati dalaivala wa bungwe lina la mayiko ambiri, ndipo atapuma pa ntchito sanabwerere kumudzi. Khomo lawo linkayang'anizana ndi lathu. Amayi ankagwira ntchito ku ofesi ina ku Gigiri, kuchoka m'mawa, kubwera dzuwa litalowa, bambo anga sindinawadziwe, choncho ine ndinakulira pakhomo pa a Mbewe ndi akazi awo a Nangozo. Chichewa chimene ndikulembachi ndinachitola pamenepo. Ankanditchula kuti mwana wa paphula, chifukwa ndinabadwira mumzinda ndipo tsiku lina ndinafunsa ngati mtedza umabereka mumtengo.

Kalavaniyo anaipanga okha. Poyamba inali ngolo yokokera jenereta, imene kuntchito kwawo anaitaya, iwo n'kuitola, kuimangira makoma a malata ndi matabwa, kuibowola kazenera kamodzi. M'kati munali bedi limodzi, benchi lomwe ndinkagonapo ine, sitovu, ndowa, khasu ndi bokosi la mbale. Chimbudzi munalibe, mpopi munalibe, magetsi munalibe. Anthu a pabwalo ankaida kalavani imeneyo ndi mtima wonse, amati ikudya malo oimikapo galimoto, ndipo mlonda wa pageti ankaitcha hotela ya babu, kutanthauza ya agogo m'Chiswahili. Agogo ankangoseka. Ankati hotela yawo ndi yokhayo mu Kenya muno imene imakutsatira kumbuyo.

Mvula ya mu Epulo ikayamba, sukulu titatsekera, ankaikoloweka kalavaniyo ku pikapu yawo yakale n'kutinyamula, ine ndi a Nangozo, ulendo wa kunkhalango ya boma kupitirira Limuru, kumene mpweya umaluma m'mphuno ndipo nkhungu imagona pamsewu mpaka dzuwa litakwera. Kumbali ina ya nkhalangoyo kunali malo a alendo, a geti ndi zimbudzi ndi matebulo, koma agogo sankakufuna kumeneko. Ankakhotera m'kanjira ka matope kamene odula mitengo anakasiya kalekale, ndipo kumapeto kwake kunali kabwalo ka udzu pakati pa mitengo ya paini, ndi kamtsinje chakumunsi. Pamenepo panalibe wolipiritsa, panalibenso wokuthandiza. "Mtengo sulipiritsa mthunzi," ankatero, akuika miyala kumagudumu.

Ulerewo unali ndi malamulo ake, ndipo anali ouma kuposa a kusukulu. Ukafuna kuthengo, unyamule khasu, ukumbe, ukwirire. Madzi a mumtsinje uwiritse. Nkhuni utole zogwa zokha. Pochoka, moto uthire madzi mpaka phulusa ulisanze ndi dzanja lako, ndipo ngakhale kapepala ka switi kabwerere ku Nairobi m'thumba. Tisanalowe m'nkhalango tinkayamba taima pakhomo pa Mama Wanjiru, mayi amene munda wake wa mbatata ya kachewere unkachita malire ndi mitengo, kukasiya shuga ndi masamba a tiyi, kuti adziwe kuti tabwera. Ine ndinkatopa nako kupatsana moni kwa ola lathunthu, koma agogo ankati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata.

Chimene tinkapitira kwenikweni chinali bowa. Anthu a kumeneko sankadya bowa wa m'tchire, ndipo Mama Wanjiru ankagwira pakamwa akaona a Nangozo akubwera ndi lichero lodzaza utale ndi nyonzwe wa pazulu za kumphepete kwa nkhalango, kumene ng'ombe zinkadya. A Nangozo ndiwo anali mwini ntchitoyo. Ankakhala pansi miyendo ili tambalale, kutenga bowa mmodzimmodzi, kumutembenuza, kumununkhiza, kumupenyetsetsa kudzuwa, wina n'kumuponyera kutali. Analinso ndi mwambo wa kwawo umene sankauphwanya: bowa wa pamalo achilendo amayamba kudya ndi mkulu, ana adye mawa lake akaona kuti mkuluyo wadzuka.

Koma utale uli m'mbale, agogo aamuna ankakamba za bowa wina. Ndelemya. Ankamutchula ngati dzina la m'bale amene anatsalira kumudzi. Amati amatuluka m'nthaka ngati dzira, kenako n'kuswa, n'kutambasula chipewa choyera, choterera, pakati pofiirira ngati tiyi wamkaka, ndipo ukamuphika ndi mchere wokha msuzi wake umakoma kuposa wa nkhuku. A Nangozo ankawadula mawu nthawi zonse.

"Ndelemya amamera pansi pa msuku ndi mombo, bambo. Kuno mwauonapo msuku? Idyani zimene zilipo."

"Tsiku lina ndidzamupeza," ankatero agogo.

"Mudzamupeza ku Dedza."

A Nangozo anamwalira ine ndili ndi zaka khumi. Amalawi a mu Nairobi anasonkhana, maliro anakwera ndege, ndipo tonse tinkaganiza kuti agogo akakhaliratu kumudzi. Patatha mwezi tinamva kiyi ikulira pakhomo pawo. Anauza amayi kuti kumudzi ana onse amawatchula kuti a ku Kenya, ndipo ngakhale njira ya kuchitsime anachita kufunsa. Kuyambira pamenepo nyumba yawo inazizira. Wailesi sinkaliranso, makatani ankakhala otseka mpaka masana, ndipo kuseka kuja kunatha. Chimene chinatsala chinali ngwe ngwe ngwe wa Loweruka.

Anali ndi mwana mmodzi, a Lameki, amene anali pa ntchito yapamwamba ndipo ankakhala ku Runda, kumipanda ya magetsi. Sanali munthu woipa, ndisawanamizire. Ankabwera Lamlungu lililonse ndi zipatso, kukhala pampando osavula jekete, n'kuyamba nyimbo yomweyomweyo.

"Adadi, chipinda chilipo, dokotala ali pafupi. Chigalimoto ichi ndi chikalavanichi tigulitse. Munthu wa zaka zanu kumakagona m'tchire ngati mulibe ana, anthu aziti chiyani?"

"Aziti a Mbewe ali m'tchire," ankayankha agogo. "Ndikadzalephera kuona msewu udzatenge makiyi. Lero ayi."

Vuto linali lakuti msewuwo anali atayamba kale kulephera kuuona, ndipo amene ankadziwa ndinali ine ndekha. Ndinazindikira tsiku lina akuthira tiyi. Kapu inali apa, tiyi n'kumathirikira apo, patebulo, mpaka anamva kutentha pabondo. Ndinaseka, poti ndinali mwana. Iwo sanaseke. Anandigwira pamkono, kundiyandikizitsa, ndipo ndinaona kuti m'maso mwawo muli kamtambo kotuwa.

"Tiya, ndikuona ngati ndili m'nkhungu ya ku Limuru. Zinthu zazikulu ndimaziona, koma mitundu yathawa. Usauze amako, usauze Lameki. Akangomva, makiyi apita, kalavani yapita, ndipo ine andikhazika ku Runda ndizikawerenga maluwa. Iwe ukhale maso anga. Wamva?"

Ndinavomera, ndiponso ndinanyada. Lero ndikaganiza zimenezi mtima umandiwawa ndi mkwiyo, chifukwa munthu wamkulu sasenzetsa mwana wa zaka khumi ndi chimodzi katundu wotero. Tikanapha anthu pamsewu. Koma nthawi imeneyo ndinkangoona kuti nkhalamba imene inkanditcha mwana wa paphula tsopano ikundifuna. Ndinkawawerengera makalata, kuwasankhira masokosi ofanana, kuwanong'oneza dzina la munthu amene akubwera kutsogolo kuti ampatse moni asanafike. Amayi ankati ndine mwana waulemu.

Epulo atafika anapempha amayi kuti ndiwaperekeze kunkhalango, ulendo woyamba chimwalirire a Nangozo. Amayi anazengereza, koma anati mwina mphepo ya kumeneko iwatsitsimula. Tinanyamuka Loweruka kutangocha, maminibasi aja amati matatu asanadzaze mumsewu. Ine ndinakhala kutsogolo pa pilo, maso ali tong'o, pakamwa posatseka: lole kutsogolo, chepetsani, njinga kumanzere, bampu, bampu ina, ng'ombe. Agogo anagwira chiwongolero ndi manja onse awiri, chibwano chili pafupi ndi galasi, kalavani ikugogoda kumbuyo. Titafika kwa Mama Wanjiru malaya awo anali atanyowa ndi thukuta, ngakhale kunja kunali kozizira koti mpweya unkaoneka potuluka m'kamwa.

Pakabwalo pathu udzu unali utakula. Anaika miyala kumagudumu mopapasa, ine ndinatunga madzi, kutola nkhuni, kuyatsa moto umene unkafuka utsi wokhawokha chifukwa cha chinyontho. Mitengo inkadontha ngakhale mvula inali itakata, ndipo kupatula kudonthako ndi kulira kwa mtsinje kunalibe phokoso lina lililonse. Agogo anakhala pakhomo pa kalavani, pamalo amene a Nangozo ankakhala, manja ali pamaondo. Anakhala pomwepo mpaka masana. Ndinapita kuzulu zija ndi lichero, koma ng'ombe zinali zitapondaponda ndipo sindinapeze ngakhale utale mmodzi.

Pobwerera ndinadutsa njira yachidule, pansi pa mitengo ya paini, pamene masamba ake owuma amachita ngati mphasa. Ndi pomwe ndinaona bowa. Anali asanu kapena asanu ndi mmodzi, ena atatambasula zipewa, ena akadali m'mazira awo oyera, akungosuzumira kumene. Dzira, chipewa choterera, zonse monga ankanenera. Ndinawazula bwinobwino ndi mazira omwe n'kuthamanga, lichero lili pamutu ngati mwana wa kumudzi.

Agogo anatenga mmodzi. Zala zawo zinatsika ndi mwendo wa bowayo mpaka pa dzira lija, ndipo zitafika pamenepo zinaima. Ndinaona nkhope yawo ikumasuka pang'onopang'ono, makwinya a pachipumi akusuntha, pakamwa pakutseguka, kenako anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja kogwedeza mapewa, kumene ndinali ndisanakumve kwa chaka chathunthu.

"Nangozo, wamuona? Unkati Dedza." Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja. Kenako chala chawo chachikulu chinazungulira m'mphepete mwa chipewa, kamodzi, kawiri, ndipo anafunsa motsitsa mawu. "Tiya, tandiuza mtundu. M'mbalimu n'moyera?"

"N'moyera, agogo."

"Nanga pakatipa? N'pofiirira ngati tiyi wamkaka?"

Panali posafiirira. Panali pobiriwira motuwa, ngati ndimu yosapsa. Ndinaona bwinobwino, dzuwa linali pamenepo, maso anga analibe vuto. Koma ndinayang'ana nkhope ija, misozi ili m'masaya, mano onse ali panja, ndipo ndinadziuza kuti mwina ndelemya wa ku Kenya amakhala chonchi, mwina kubiriwira ndi kufiirira sizitalikirana kwenikweni. Sindinafune kukhala ine wobweza nkhope ija kumene inachokera.

"N'pofiirira, agogo."

Anaphika okha, dzuwa likupendeka, ndi mchere wokha monga ankanenera, ndipo fungo lake linali labwino, ndisaname. Ndinabweretsa mbale ziwiri. Iwo anabweza imodzi.

"Mwambo wa agogo ako wauiwala? Bowa wa pamalo achilendo amayamba mkulu. Iwe wiritsa mbatata ndi dzira, wako udya mawa."

Ndinanyanyala. Ndinati ndazula ndine, ndinati pamalopa si pachilendo, timabwera chaka ndi chaka. Anati pansi pa paini m'pachilendo, ndipo mawu awo anauma moti ndinasiya. Ndinadya mbatata yanga nditawafulatira, iwo akudya pang'onopang'ono, kumwa ndi msuzi womwe, akundiuza za phiri la kwawo ndi mmene amayi awo ankayanikira bowa padenga.

Kutacha ndinadzidzimuka ndi phokoso la munthu akusanza. Bedi lawo linali lopanda munthu, chitseko chili pululu. Ndinawapeza kuseri kwa kalavani atagwada m'udzu wonyowa, khasu lili poteropo, atalephera ngakhale kukumba. Nkhope inali itatuwa ngati phulusa. Ankati akadzuka, m'mimba n'kuwapotokola, n'kugwanso. Foni yawo pamalo amenewo sinkagwira, ndipo ndicho china chimene ankapakondera. Pamenepo ndinadziwa tanthauzo la malo opanda geti: panalibe mlonda, panalibe mlendo mnzathu, panalibe munthu woti n'kumukuwira.

"Ndi m'mimba chabe," anatero. "Wiritsa madzi."

Sindinawiritse. Ndinathamanga ndi kanjira ka matope kaja, nsapato imodzi n'kutsalira m'thope, nkhungu ili mbuu moti mitengo inkangotulukira pamaso panga. Mama Wanjiru ndinawapeza akukama ng'ombe. Chiswahili changa chonse chinathawa, ndinangoti, "Babu ni mgonjwa," kutanthauza kuti agogo adwala, kenako ndinalira. Mayiyo sanafunse zambiri. Anaitana mwamuna wake, amene ankadziwa kuyendetsa galimoto, ndipo tinabwerera atatu. Anamasula kalavani, kuwagoneka agogo kumbuyo kwa pikapu pa matiresi, Mama Wanjiru atawapakata mutu, n'kundiuza kuti ndinyamule poto wa bowa wotsala. Pamene tinkachoka agogo anadzutsa mutu.

"Moto," anatero. "Tiya, moto sunathire madzi."

Tinawafikitsa ku chipatala china chaching'ono cha kufupi, ndipo madzulo ake a Lameki ndi amayi anabwera n'kuwasamutsira ku chipatala chachikulu mu Nairobi. Tsiku lotsatira ndinapita ndi amayi kukawaona, ndipo ndinadabwa. Anali atakhala tsonga pabedi, kusanza kutasiya, akukangana ndi namwino kuti awapatse nsapato zawo. Ankati achira, ndipo kalavani yawo ili yokha m'nkhalango. Mtima wanga unatsika pansi. Ndinati basi, Mulungu wandikhululukira, palibe adzadziwe.

Kenako kunalowa dokotala, mayi wamfupi wa magalasi, ndipo sanasangalale nako kuchirako. Anati pali bowa wina amene amatero: amakudwalitsa, n'kukusiya tsiku limodzi ngati wachira, pamene m'kati akudya chiwindi. Anati za mupoto zija zinapsa moti sizikuzindikirika, ndipo zotsatira za magazi zichedwa, choncho akufuna kudziwa msanga kuti bowayo asanaphikidwe anali wotani.

"Anali ndelemya," anatero agogo m'Chingerezi chawo cha udalaivala. "Wa kwathu. Woyera, pakati pofiirira. Ndadya bowa ameneyu iwe usanabadwe."

"Adadi bowa amamudziwa," anavomereza a Lameki. "Mwina ndi madzi a mumtsinje."

Dokotala anafunsanso ngati panalibe kubiriwira kulikonse pachipewa. Agogo anati panalibe. Ine ndinali nditaima kumiyendo kwa bedi, ndikugwira chitsulo chozizira, ndipo ndinadziwa kuti m'chipinda monsemo munthu amene anaona bowa uja ndi maso ndine ndekha. Agogo anatembenuzira nkhope kumene ankaganiza kuti ndili, anaphonya pang'ono, anayang'ana pakhoma.

"Anali wobiriwira," ndinatero. "Pakati ponse. Ngati ndimu."

Dokotala anatuluka mofulumira kukaitana anzake. A Lameki anandiyang'ana, kenako anayang'ana bambo awo.

"Nanga adadi simunaone bwanji?"

Agogo anaweramitsa mutu. Ndikanatha kukhala chete, funsolo silinali langa. Koma chinthu chikang'ambika chimang'ambikiratu, ndipo ndinali nditatopa.

"Agogo saona. Chaka chonse chino saona. Anandifunsa ine mtundu, ine ndinanama."

Amayi anakhala pansi pa mpando umene unali pafupi. A Lameki anafunsa kuti nanga ku Limuru anayendetsa ndani, ndipo nditayankha anatseka maso kwa nthawi yaitali. Sanakalipe. Anapita pa kabati ya pambali pa bedi, kutsegula, kupisa m'thumba la jekete la bambo awo, ndipo tonse tinamva makiyi akulira pamene ankawaika m'thumba lawo. Agogo anagona n'kutembenukira kukhoma.

Dokotala uja ananena zoona. Tsiku lachitatu maso a agogo anasanduka achikasu, anayamba kubwebweta, kuitana a Nangozo, ndipo anakhala m'chipatala milungu itatu, ina mwa iyo ali pakati pa moyo ndi imfa. Anapulumuka, koma anatuluka ali kamunthu kochepa, kolendewera m'malaya. A Lameki anawatengeranso kwa dokotala wa maso, amene anati si ng'ala yokha, mitsempha ya m'maso inali itafa kale, ndipo akanabwera chaka chapitacho china chake chikanapulumuka. Chaka chapitacho n'chimene ine ndinkawasankhira masokosi. Amayi ankanditonthoza kuti tsoka silinunkha, koma ine ndinkadziwa kuti langali linali ndi mtundu ndipo ndinauona.

Ku South B sanabwererenso. Katundu wawo anabwera kudzatenga ndi lole, pikapu inagulitsidwa, kalavani anaikoka kuchokera kunkhalango n'kuigulitsa kwa munthu wina wa ku Kibera. Pakona paja anthu anayamba kuimikapo galimoto tsiku lomwelo. Ine ndinakhala chaka chathunthu osapita ku Runda. Amayi akati tiye, ndinkadwala mutu, ndinkakhala ndi homuweki, ndinkabisala kubafa. Ndinawanamiza bowa, kenako ndinaulula chinsinsi chawo, ndipo sindinkadziwa kuti pa ziwirizi chimene ndikapepese n'chiti.

Tsiku lina amayi anangondigwira dzanja n'kundikweza matatu. Ku Runda tinadutsa mageti awiri. Agogo tinawapeza pakhonde la kuseri, pampando wofewa, bulangete lili pamiyendo, kutsogolo kwawo kuli kapinga wometedwa bwino ndi maluwa ofoletsedwa pamzere, ndi mpanda wa magetsi ukulira tiki tiki pamwamba pa khoma. Zikhadabo zawo zinali zoyera, zopanda girisi, ndipo chimenecho chinandiliza kuposa china chilichonse. Amayi anapereka moni n'kulowa m'nyumba dala.

"Mwana wa paphula," anatero. "Ndamva mayendedwe. Wabwera kudzaona mkaidi?"

Ndinagwada pambali pa mpando. Mawu onse amene ndinakonza m'matatu anabalalika, ndinangoti pepani, pepani agogo, ndinakuphani ndine. Anandisiya ndilire mpaka nditatopa. Kenako anafufuza dzanja langa, kulitembenuza, n'kuyendetsa chala chawo chachikulu m'mphepete mwa chikhatho changa monga anachitira ndi bowa uja.

"Tamvera. Ndelemya ali ndi timizere m'mphepete mwa chipewa, tating'ono, ngati mano a chipeso. Ngakhale wakhungu amatimva. Uja analibe. Ndinazungulira kawiri, sindinatipeze."

"Nanga munadyeranji?"

"Ndinkafuna akhale ndelemya." Anapuma kaye. "Zaka makumi anayi osamulawa, mwanawe. Ukanati ngwobiriwira, ndikanati maso a mwana wa paphula sadziwa kanthu. Ndikanadyabe. Ukuganiza mbale yako ndinaibwezeranji?"

Ndinafunsa za makiyi, ngati anandikwiyira. Anati anakwiya, inde, miyezi ingapo, ndipo masiku ena akamva fungo la mvula amakwiyabe. Sananene kuti zinatha. Anangondifunsa ngati tsiku lija moto unazimitsidwa, ndipo nditati mwamuna wa Mama Wanjiru anabwerera kukathira madzi, anagwedeza mutu n'kunena kuti chabwino.

Anakhala ku Runda zaka ziwiri, osatulukanso pageti kupatula popita kuchipatala. Atamwalira anakawaika ku Dedza pafupi ndi a Nangozo. Ine sindinapite, inali nthawi ya mayeso. Amayi atabwerako ndinawafunsa kuti mandawo ndi otani, ndipo anati ali m'kankhalango ka misuku ndi mombo, kopanda mpanda.

Tsopano ndine munthu wamkulu, ndikugwira ntchito mu Nairobi momwemuno, ndipo matatu anga a kuntchito amadutsa m'mphepete mwa Kibera. Kalavani ija ilipo. Anaichotsa magudumu, kuikhazika pa njerwa, kuipaka utoto wachikasu, ndipo mayi wina amagulitsiramo mandazi ndi tiyi kudzera pa kazenera kamene ndinkaonerapo nkhungu. Sindinatsikepo. Kunkhalango ndinapitako kamodzi ndi anzanga a kuntchito, kumbali ya geti ndi matebulo, ndipo sindinawauze kuti kuseri kwa phirilo kuli kanjira.

Za timizere tija ndinafunsa amayi ena a ku Dedza a kutchalitchi kwathu, ndipo anati n'zoona, ndelemya ali nato. Koma zimenezo sizindiuza ngati agogo anatifufuzadi tsiku lija n'kutisowa, kapena anakhala chaka chonse pakhonde la ku Runda akukonza mawu oti adzandimasule nawo. Ine ndinawanamiza kuti aseke. Mwina iwo anandinamiza kuti ndileke kulira. Masiku ena ndimakhulupirira mbale imene anaibweza ija, masiku ena ndimakumbukira kuti mwambo unali womwewo chaka chilichonse, ndipo woti ndimufunse palibe.

Bowa sindidya. Koma mvula ya mu Epulo ikayamba, ndikalowa m'sitolo n'kupeza bowa wolimidwa uja wa m'timapaketi, woyera, wopanda mlandu, ndimapezeka ndaima. Ndimatenga paketi, ndipo chala changa chachikulu chimayamba chokha kuzungulira m'mphepete mwa chipewa pamwamba pa pulasitiki, kamodzi, kawiri. Timizere sindimatipeza. Ndimabweza paketiyo pashelefu n'kupita kukagula mbatata ndi mazira.